Kwa mwana wanga amene wayamba ntchito ya Db2 pa mainframe

Wokondedwa mwana wanga,

Ndakondwa kumva kuti kuntchito kwako ku Johannesburg akuika m'gulu lolemba SQL, chinenero chofunsira deta, ya Db2, pulogalamu ya IBM yosungira deta pa makompyuta akuluakulu otchedwa mainframe. Poti ntchito imeneyi ndi imene ndinakuphunzitsira nayo sukulu, ndaona kuti ndikulembere zimene ndikanakonda kuti uyambe nazo.

SELECT ndi JOIN umazidziwa kale, koma kukoleji ankangoona ngati yankho lako lili loona, pamene pa z/OS, pulogalamu yoyendetsa mainframe, yankho loona ndi theka chabe la ntchito. Makinawa amatumikira anthu zikwizikwi nthawi imodzi kudzera mu CICS, pulogalamu yolandira zopempha zawo, ndiponso makampani ambiri amalipira IBM molingana ndi mmene purosesa yagwirira ntchito. Choncho SQL imene ikusesa tebulo la mizere mamiliyoni pofuna maakaunti 10 okha ikudya ndalama za kampani ndi kuchedwetsa anzako, ngakhale itabweretsa yankho lopanda cholakwa.

N'chifukwa chake ndikukupempha kuti uzolowere msanga EXPLAIN, lamulo loonetsa njira imene Db2 idzere pofuna deta, ndipo usamapereke SQL iliyonse usanawerenge zimene Db2 yalemba mu PLAN_TABLE. Mu kolamu ya ACCESSTYPE, ukaona R ndiye kuti ikuwerenga tebulo lonse, ukaona I ndiye kuti ikudzera pa index, mlozera wa mizere ya m'tebulo. Komatu I yokha isakusangalatse usanayang'ane MATCHCOLS, chiwerengero cha makolamu a index amene agwirizana ndi WHERE yako, chifukwa ikakhala 0, Db2 ikuyenda index yonse kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Nthawi zambiri vuto limakhala mmene walembera WHERE. Ukalemba kuti NDALAMA * 2 > 5000, wabisa kolamuyo m'kati mwa masamu, ndipo Db2 iyenera kuwerengetsera mzere uliwonse paokha. Ukalemba kuti NDALAMA > 2500, index ingathe kuilondolera pamalo enieni. Kusiyana kumeneku n'kumene akatswiri amatcha Stage 1 (monga chitsanzo chachiwirichi) ndi Stage 2 (monga choyambacho), ndipo ndikanakonda kuti uwerenge mndandanda wake m'mabuku a IBM mpaka ukulowe m'mutu.

Dziwanso kuti Db2 simasankha njira poyang'ana m'tebulo momwemo, koma poona ziwerengero zimene RUNSTATS, pulogalamu yowerengera za m'matebulo, inasiya mu catalog, kaundula wa Db2. Kuwonjezera apo, SQL yambiri ya m'mapulogalamu a COBOL imapatsidwa njira yake pa nthawi ya BIND, pamene pulogalamuyo imalumikizidwa ku Db2, ndipo imakhala nayo mpaka wina atachita REBIND. Db2 inalengezedwa mu 1983, kotero mapulogalamu ena amene udzawapeze analembedwa iwe usanabadwe, matebulo ake akadali ang'onoang'ono. Pulogalamu ikayamba kuchedwa, funsa kaye kuti RUNSTATS ndi REORG (yosanjanso deta m'tebulo) zinachitika liti, usanayambe kunyoza amene anailemba; ambiri mwa iwo ankadziwa zimene ankachita.

Nkhani imene achinyamata amaipeputsa kwambiri ndi ya ma lock, amene Db2 imatsekera deta imene wina akuisintha kuti ena asaikhudze. Pulogalamu ya batch yausiku imene ikusintha mizere yambirimbiri osachita COMMIT, lamulo lotsimikiza zosinthazo n'kumasula ma lock, ili ngati munthu amene watunga madzi n'kupita kwawo ndi chingwe cha pachitsime. Ena amadikira mpaka nthawi kutha, kenako amalandira SQLCODE -911 ndipo zonse zimene anachita kuyambira pa COMMIT yomaliza zimabwezedwa. Uzichita COMMIT pafupipafupi, koma uzikumbukira kuti imatseka cursor, chowerengera mizere umodziumodzi, ngati sunailembe WITH HOLD, ndiponso uzisunga malo amene wafika kuti ntchito ikagwa pakati pa usiku idzayambire pomwepo. Anzako adzakuuza kuti ungowonjezera WITH UR, yowerenga deta osadikira COMMIT ya ena, mavuto onse athe. Pa lipoti longopereka chithunzi cha zinthu palibe kanthu, koma pa ndalama zotsala mu akaunti ya munthu usayerekeze, chifukwa ungathe kuwerenga ndalama zimene pambuyo pake zibwezedwe.

Zina ndi zazing'ono koma zimachititsa manyazi. NOT IN ikapeza NULL ngakhale imodzi mu subquery siibweretsa mzere uliwonse, n'chifukwa chake ine ndinkakonda NOT EXISTS. Ndiponso matebulo ambiri akale ali mu EBCDIC, kalembedwe ka zilembo ka IBM, momwe zilembo zazing'ono zimatsogola, zazikulu n'kutsatira, manambala n'kukhala kumapeto, mosiyana ndi ASCII ya pa kompyuta yako. Choncho usadabwe ORDER BY ikakusanjira mwachilendo.

Sabata ino pita kwa DBA (woyang'anira database) wamkulu wa gulu lanu, umupemphe mwaulemu kuti akupatse PLAN_TABLE yakoyako pa makina oyeserera. Ukatero tenga SQL imodzi yochedwa, uilembe m'njira zosiyanasiyana mu SPUFI, chida choyeserera SQL, n'kumayerekeza zimene EXPLAIN ikunena pa iliyonse. Zikakuvuta undiimbire, koma deta ya makasitomala usanditumizire.

Mayi ako akupereka moni.

Ndine bambo ako.