Lipoti la maphunziro a ku TDC: maganizo a ana akachoka m'kalasi amapita kuti?

A mphunzitsi wamkulu, achiwiri awo ndi aphunzitsi anzanga nonse,

Munandituma kukakuimirani pa maphunziro a masiku awiri aja ku TDC (malo osulirako aphunzitsi) ndipo ndabwerako bwino. Malisiti a thiransipoti ndapereka kale kwa asungichuma. Za masikimu ndi rejisitala munalibe chachilendo, mapepala ake ali mu ofesi. Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya masana a tsiku loyamba, imene anatiphunzitsa mayi wina wodziwa za kaganizidwe ka munthu.

Asanafotokoze kanthu anayamba atiyesa. Ankaonetsa manambala pakhoma imodziimodzi, ife tiziomba m'manja pa nambala iliyonse kupatula 3. Ntchito ya mwana. Koma posakhalitsa ambiri tinaomba pa 3, ine ndemwe. Kenako anaimitsa mwadzidzidzi nkufunsa aliyense chimene amaganiza nthawi imeneyo. Ine ndinali kumunda, kuwerengera matumba a feteleza. Amene ndinakhala nawo pafupi anali kuchipatala kumene kwagonekedwa mwana wawo. Masewerawa anawatengera ku mayeso amene Ian Robertson ndi anzake anakonza mu 1997.

Anatiuza za kafukufuku wa Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert a ku yunivesite ya Harvard, wa mu 2010. Foni inkafunsa anthu 2,250 nthawi iliyonse mosayembekezera kuti akuchita chiyani, akuganiza chiyani, akumva bwanji. Pafupifupi maulendo 47 pa 100 aliwonse maganizo sanali pa ntchito imene munthu akugwira, ndipo pa nthawi zimenezo anthuwo ankati sakusangalala kwenikweni. Chiwerengerochi musachitenge ngati cha ana athu. Amenewo anali akuluakulu a ma iPhone, ambiri a ku America. Komabe ngati akuluakulu amatero, mwana wa Sitandade 3 timamukalipiranji ngati wapalamula?

Pa za mtundu wa ntchito imene munthu akugwira mpamene ndinatola zambiri. Ntchito ikakhala yophweka kapena yozolowereka, mutu umatsala ndi mpata, ndipo kawirikawiri umathamangira kutsogolo: ndidya chiyani, ndikaweruka ndipita kuti. Ikalimbanso kwambiri mwakuti munthu sakutolapo kanthu, maganizo amachokanso. Pomwepo ndinaona makalasi athu awiri. Kwina ana akukopera manotsi a pabolodi theka la ola, dzanja likulemba koma mwini wake ali kumpira. Kwina ndi Sitandade 5, kumene maphunziro amaperekedwa m'Chingerezi, mwana maso ali pa buku koma anasochera pa mzere wachiwiri.

Ndiye pali za mumtima. Jonathan Smallwood ndi anzake mu 2009 anaonetsa anthu mafilimu aafupi, ena osangalatsa ena omvetsa chisoni, kenako nkuwapatsa ntchito yofuna chidwi. Achisoni aja ndiwo ankasochera kwambiri, ndipo akalakwitsa ankavutika kubwerera pa ntchito. Pambuyo pake anapezanso kuti munthu wokhumudwa maganizo ake amakonda kubwerera m'mbuyo, ku zimene zinachitika kale. Yomwe inatidabwitsa ndi ya mu 1966: John Antrobus ndi anzake anamvetsa ophunzira a ku America nkhani yabodza ya pawailesi yoti China yalowa nkhondo ya ku Vietnam, nthawi imene anyamata ankatengedwa kupita kunkhondoko. Atapatsidwa ntchito, maganizo awo ankangothawira ku nkhaniyo. Mwana amene wasiya makolo akukangana, kapena wabwera osalawa kanthu, wailesi yakeyo ikulira m'mutu tsiku lonse.

Si kuti kuyendayenda kwa maganizo nkoipa konse. Mu 2012 Benjamin Baird ndi Jonathan Schooler anapeza kuti anthu amene anapumira pa kantchito kopepuka anabwerera ndi nzeru zambiri zatsopano pa funso limene anali atalisiya, kuposa amene anangokhala kapena anapatsidwa ntchito yolemetsa.

Panabuka mtsutso. Bambo wina wachikulire anati zonsezi nkunyengerera ulesi, ndipo m'kalasi yodzaza mpaka pakhomo sungadziwe za mumtima mwa mwana aliyense. Pa kuchuluka kwa ana ndikugwirizana nawo. Pa ulesi ayi, chifukwa ine amene ndinaomba pa 3 sindinali waulesi, feteleza ndiye anandikoka.

Chimene tingayese osawononga ndalama nchakuti phunziro tizilidula ndi timafunso tatifupi. Karl Szpunar ndi anzake ku Harvard mu 2013 anaona kuti ophunzira ofunsidwa pakatipakati pa phunziro la pavidiyo ankasochera mochepa ndipo ankalemba manotsi ambiri. Ine ndiyamba Lolemba ndi Sitandade 5B pa phunziro la sayansi. Ndikupempha a mphunzitsi wamkulu kuti pa msonkhano wa Lachisanu andipatse mphindi khumi, tidzachite masewera a manambala aja tonse. Makadi ndalemba kale pa makatoni a choko.