Kutsogola si kutsogolera

Akonzi,

Tiloleni tiunikireko mawu amene olemba nkhani zamasewera amawasokoneza kawirikawiri.

Tsinde la "mtsogoleri" ndi -tsogol-, lomwenso lili mu "tsogolo". Kutsogola ndi kungokhala patsogolo, ngati mwana amene wathamanga n'kusiya anzake m'njira. Tikawonjezera -er- timapeza "kutsogolera", ndipo tanthauzo lasintha: munthuyo ali patsogolo chifukwa cha ena, akuwaonetsa njira, iwo akumutsata. Choncho timu imene yagoletsa zigoli 2 inzake isanagoletse ikutsogola, koma siikutsogolera aliyense. Kaputeni, wovala kansalu pamkono uja, ndiye akutsogolera anzake, ngakhale timu yake ikugonja.

Timati -er- osati -ir- chifukwa m'tsindemo muli o. Yerekezani "kugonera" ndi "kugulira". Kenako m- koyambirira ndi -i kumapeto zimatipatsa wochita ntchitoyo, monga "mlimi" kuchokera ku "kulima". Apa ndi pamene ambiri amapunthwa n'kulemba "mtsogoleli", pomwe e kapena i amatsatiridwa ndi r, osati l.

"Kaputeni" tinabwereka ku Chingerezi, koma gwero lake ndi liwu la Chilatini loti caput, kutanthauza mutu. "Kapitawo", woyang'anira antchito, ndi m'bale wake: anadzera ku Chipwitikizi, capitão, kuchokera ku caput yemweyo. Mawu obwerekawa amaona munthu ngati mutu wa gulu, pomwe athu amamuona ali paulendo ndi anzake.

Chonde, olemba nkhani anu azisiyanitsa "kutsogola" ndi "kutsogolera", chifukwa ana asukulu amatengera zimene awerenga m'nyuzipepala.

Ndife,
Aphunzitsi a Chichewa