Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya makina otenthetsa nyumba

Mwana wanga wokondedwa,

Ndawerenga mofatsa mapepala a makontirakitala awiri amene unanditumizira pa WhatsApp, ndipo ndikuyankha monga munthu amene wakalambira pa ntchito ya mafiriji ndi maeyakoni kuno ku Blantyre. Ndikuvomereza kuti mini-split (makina otenthetsa ndi kuziziritsa nyumba, okhala ndi chigawo cha panja ndi mitu yotulutsa mpweya m'zipinda) ikuyenera nyumba yanu ya ku South Bend ku America, popeza nyumbayo ilibe mipita yodutsitsa mpweya m'siling'i, koma sindikugwirizana ndi maganizo ako ogula yaikulu kwambiri poopa kudzanong'oneza bondo.

Makina amenewa amakoka kutentha kwa mpweya wa panja n'kukulowetsa m'nyumba, ndipo nyengo yotentha amakutulutsa. Mphamvu yake amaiyeza mu BTU pa ola, ndipo 12,000 BTU ndi pafupifupi makilowati 3.5. Makinawo akakula kuposa nyumba amafika msanga pa mlingo umene mwatchera, amazima, pakapita kanthawi amayakanso, ndipo kuyaka ndi kuzima kumeneku kumatopetsa kompuresa ndi kukweza bilu ya magetsi, monga mmene minibasi yoima pa siteji iliyonse imamwera mafuta. Nyengo yotentha vuto limakula, chifukwa makinawo amazima asanachotse chinyezi, ndiye chipinda chimazizira koma zofunda zimakhala ngati sizinaume bwino. Wogulitsa adzakuuza kuti inverter imachepetsa yokha liwiro la kompuresa, ndipo sakunama, koma pali malire amene singatsike kupitirira pamenepo. Umufunse nambala ya malire a pansiwo, chifukwa masiku ambiri pa chaka makina adzagwira ntchito cha kumeneko.

Kontirakitala woyamba walemba 36,000 BTU atangoona kukula kwa nyumba, ndipo pepala lake silikutchula mawindo ngakhale amodzi. Kumeneko kuli njira yodziwika yowerengera yotchedwa Manual J, ya bungwe la makontirakitala a maeyakoni lotchedwa ACCA, imene imaganizira kukula kwa mawindo ndi kumene ayang'ana, zotchinga chisanu za m'makoma ndi m'denga, mipata yolowera mphepo, komanso nyengo ya dera lanu. Uumirire kuti akuwerengere chipinda ndi chipinda ndipo akupatse zotsatira zake papepala, ngakhale zitafuna kulipira padera. Ngati mawindo akulowetsa mphepo, yambani mwawakonza, kenako muwerengetse.

Mbali inayo ndi chisanu, chimene ine sindinalimbane nacho pa ntchito yanga. Mphamvu yotenthetsa imene amalemba m'kabuku amaiyeza panja pali madigiri 47 a Fahrenheit, amene ndi 8 a Celsius, pamene kwanuko mu Januwale nthawi zina kumatsika kupitirira -15 a Celsius. Kukamazizira, makina wamba amafooka pa nthawi imene mukuwafuna kwambiri. Choncho ufunse kuti akupereka BTU zingati panja pakafika madigiri 5 a Fahrenheit, amene ndi -15 a Celsius. Pali mitundu yopangidwira madera ozizira, monga Hyper-Heating ya Mitsubishi, imene imagwirabe ntchito mpaka -25 a Celsius, ndipo bungwe lolimbikitsa kusamala magetsi lotchedwa NEEP lili ndi mndandanda wa makina otere pa intaneti.

Za kulumikiza mitu inayi ya m'zipinda ku makina amodzi a panja, ndili ndi chikayiko. Usiku pamene chipinda cha adzukulu anga chokha chikufuna kutentha, makina aakulu a panjawo sangatsike mokwanira, ndiye kuyaka ndi kuzima kuja kumayambanso. Makina awiri aang'ono odziimira paokha nthawi zambiri amayenda bwino, ndipo ena akawonongeka simugona nonse m'chisanu. Ukumbukirenso kuti mpweya wofunda sudutsa pa chitseko chotseka.

Woika makina akhale ndi chiphaso chogwirira gasi wa m'makinawa chochokera ku EPA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo tsiku limenelo ukhalepo. Uone kuti wakoka mpweya ndi chinyezi m'mapaipi ndi vacuum pump asanatsegule gasi, wayesa ngati molumikizira mukudontha, ndiponso wakweza makina a panja pa chitsulo kuti chipale chofewa chochokera ku Lake Michigan chisawakwirire. Makina atsopano kuyambira 2025 akubwera ndi gasi wa R-32 kapena R-454B, kotero ngati akukugulitsa a gasi wakale wa R-410A, mtengo wake utsike. Mahita akale a magetsi musawachotse mpaka mutadutsa nyengo yozizira imodzi.

Pepala la Manual J likatuluka unditumizire musanasaine chilichonse. Amayi ako akupereka moni kwa apongozi athu ndi kwa ana.

Ndine,
Bambo ako