Eni masamba a mchezo si ngwazi za ufulu wolankhula

A Mkonzi,

Nkhani ija munasindikiza sabata yatha, yotamanda a Mark Zuckerberg, mkulu wa kampani ya Meta imene ndi mwini wa Facebook ndi Instagram, ngati ngwazi ya ufulu wolankhula, yandisowetsa mtendere mpaka ndati ndikulembereni. Munaipatsa tsamba lathunthu. Tsamba lathunthu, A Mkonzi, ndi chithunzi cha bamboyo akumwetulira chodzaza theka la pepala, pomwe makalata athu ife owerenga mumawapanikiza pakona ndi tizilembo tofuna magalasi. Mlembi wanuyo akuti tonse tiwombe m'manja chifukwa kampani ya Meta inasiya kugwira ntchito ndi mabungwe ofufuza ngati zolembedwa pa Facebook ndi Instagram n'zoona kapena n'zabodza. Akuti tsopano pakamwa pathu pamasuka. Zikomo kwambiri. Sitinkadziwa kuti mpulumutsi wathu amakhala ku California.

Chandipweteka kwambiri n'chakuti m'tsamba lonselo mlembiyo sanatchule tsiku ngakhale limodzi. Akanatchula, nkhani yake ikanagwa yokha. A Zuckerberg analengeza zimenezi pa 7 January 2025, kutatsala masiku 13 kuti a Donald Trump alumbiritsidwe kukhala mtsogoleri wa America kachiwiri, ndipo kusinthaku kunayambira ku America komweko. A Trump omwewo ndi amene Facebook inawatsekera tsamba mu January 2021, owatsatira atathyola nyumba ya malamulo ku Washington. Zitaoneka kuti mkuluyo akubwerera pampando, Meta inapereka madola 1 miliyoni ku mwambo wa malumbiro ake, ndipo January wa 2025 asanathe inavomera kulipira madola 25 miliyoni kuti mlandu umene a Trump anaisumira uthere kunja kwa khoti. Nayo ntchito yofufuza zoonayo inayamba mu December 2016, anthu akuikalipira Facebook kuti mabodza anasefukira pa nthawi ya chisankho cha chaka chimenecho. Akatenthedwa uku amathawira uko, akatenthedwa uko amabwerera kuno. Umenewo ndi ungwazi? Ndi malonda basi. Ine sindidana ndi munthu wamalonda, koma tisamuveke nkhata ya maluwa pa tsamba lathunthu.

Komanso mlembi wanuyo analemba ngati ofufuza zoonawo ankayenda ndi chofufutira, kufafaniza zolemba za anthu. Ayi. Mphamvu imeneyo analibe. Ntchito yawo inali kuika chizindikiro chochenjeza kuti chithunzi ichi n'chakale, kapena mawu awa munthuyu sanawanene, kenako kampani ndiyo inkachepetsa anthu oona zolembazo. Zolankhula za andale sankazikhudza n'komwe. Ndiye tandiuzani, munthu akanena kuti mankhwala akuti amachiza matenda onse, wina n'kumuyankha kuti limenelo ndi bodza, watsekedwa pakamwa ndani? Woyankhayo alibe ufulu wolankhula?

Ngwazi inayo, a Elon Musk, mlembi wanu anaitchulanso mwaulemu waukulu. Anagula Twitter mu October 2022 pa mtengo wa madola 44 biliyoni, akudzitcha munthu wosagonja pa nkhani ya ufulu wolankhula. Miyezi iwiri isanathe, mu December, atolankhani angapo amene ankalemba za iye anapezeka atatsekeredwa masamba awo. Mu May 2023, chisankho cha ku Turkey chitayandikira, kampani yake inabisa zolemba zina m'dzikomo boma litalamula. Boma likakhala ndi mphamvu yotseka bizinesi yawo amagwada msanga. Wodandaula akakhala mayi wamba amene anthu akugawana chithunzi chake ndi mawu onyoza, amamuuza za ufulu wolankhula.

Popeza mlembiyo amakonda kutchula malamulo a mayiko, tiyeni tiwatsegule bwinobwino. N'zoona kuti ndime 19 ya chikalata cha ufulu wachibadwidwe chimene United Nations inavomereza mu 1948 imati aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi maganizo ake ndi kuwafotokoza. Koma pangano la mayiko la mu 1966 la ufulu wa nzika ndi wa ndale, pa ndime 19 yomweyo, limanena kuti ufuluwu umayenda ndi udindo, ndipo lamulo likhoza kuuikira malire pofuna kuteteza ufulu ndi mbiri ya anthu ena. Ndime 20 imapitirira, imalamula mayiko kuletsa kufalitsa chidani cha mtundu kapena chipembedzo cholimbikitsa tsankho ndi ziwawa. Mlembi wanu anawerenga mzere woyamba n'kutseka buku. Ngakhale lamulo lotchuka la ku America la mu 1791 loteteza ufulu wolankhula lija limamanga manja a boma, kuti lisamange munthu chifukwa cha zolankhula. Silinena kuti kampani ikakamizidwe kufalitsa bodza lililonse kwa anthu mamiliyoni. Funsani a Alex Jones, woulutsa mawu wa ku America, amene kwa zaka ankauza omvera awo kuti kuphedwa kwa ana 20 ndi akuluakulu 6 pa sukulu ya Sandy Hook mu 2012 kunali sewero. Makolo oferedwa ankazunzidwa ndi anthu okhulupirira bodzalo, ndipo mu 2022 makhoti a m'dziko lomwelo la ufulu analamula kuti alipire ndalama zoposa madola 1 biliyoni.

Apa ndi pamene mlembi wanu anaphonya nkhani yonse. Masamba a mchezo si bwalo limene aliyense amaima n'kulankhula, omvera n'kusankha okha womumvera. Pali algorithm, ndondomeko ya pa kompyuta, imene imasankha chimene chifike pamaso panu mukatsegula foni, ndipo imasankha chimene chingakusungeni nthawi yaitali kuti muone malonda ambiri. Zili ngati mwini holo amene walola aliyense kulankhula, koma chimkuzamawu amachipereka kwa wotukwana kwambiri, chifukwa waona kuti anthu sachoka ndewu ikamachitika. Zikalata zimene a Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, anatulutsa mu 2021 zinaonetsa kuti kuyambira 2017 tinkhope tija timadina, kuphatikizapo kankhope kokwiya, kampani inkatiwerengera kasanu kuposa "like" wamba posankha zoti zifalikire. Akatswiri a ku yunivesite ya MIT ku America nawo anafufuza nkhani pafupifupi 126,000 pa Twitter, ndipo mu 2018 anapeza kuti kuti nkhani yoona ifike kwa anthu 1,500 inkatenga nthawi yotalika pafupifupi kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi yabodza. Anapezanso kuti ofalitsa kwambiri mabodzawo ndi anthu enieni, osati makina. Ndife tomwe, ndi zala zathuzi.

Aliyense amene ali ndi foni akudziwa mmene zimaonekera. Chithunzi cha munthu chojambulidwa chapatali, nkhope yazunguliridwa ndi mzere wofiira. Pansi pake zilembo zikuluzikulu, kuti uyu ndi wakuba ana, gawani ena adziwe. Palibe tsiku, palibe malo, palibe dzina la wolemba. Pamwamba pali kachizindikiro kakuti uthengawu watumizidwa kambirimbiri, koma ndani amakawerenga? Mumphindi zochepa wina walemba kale kuti amamudziwa, wina waonjeza kumene amakhala. Ku India mu July 2018 amuna asanu anaphedwa ndi gulu la anthu m'mudzi wa Rainpada chifukwa cha mphekesera zoterezi za pa WhatsApp. Kampani itaona kuti zafika poipa inachepetsa kutumiza uthenga umodzi, kuti usapitirire kwa anthu kapena magulu asanu nthawi imodzi, ndipo mu January 2019 inachita chimodzimodzi dziko lonse lapansi. Kodi pamenepo ufulu wa munthu aliyense unafa? Palibe anatsekedwa pakamwa. Anangochepetsa liwiro.

Ku Myanmar zinaposa pamenepo. Mu 2017 anthu a mtundu wa Arohingya oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh pothawa kuphedwa, patapita zaka chidani chowanena chikuyenda momasuka pa Facebook. Ofufuza a United Nations ananena mu 2018 kuti masamba a mchezo anathandiza kwambiri kukoleza motowo, ndipo mu November chaka chomwecho Facebook inavomera yokha kuti sinachite zokwanira. Atolankhani a Reuters anapeza kuti kumayambiriro kwa 2015 kampaniyo inali ndi anthu awiri okha odziwa chilankhulo cha ku Myanmar oona madandaulo. Awiri, pa dziko la anthu oposa 50 miliyoni! Ku Ethiopia, pulofesa Meareg Amare wa pa yunivesite ya Bahir Dar anawomberedwa pakhomo pake mu November 2021, patangopita masabata ochepa chithunzi chake ndi mawu omunamizira zitaikidwa pa Facebook. Mwana wake anakasuma Meta ku khoti la ku Kenya mu 2022, ndipo akuti anadandaula kambirimbiri kuti zolembazo zichotsedwe bambo ake akadali moyo, koma sanathandizidwe. Mlembi wanu apite akauze mwanayo kuti pakamwa pamasuka.

Ndipo ife olankhula zilankhulo zimene makampaniwa saziwerengera ndiye tili pamtetete. Zikalata za a Haugen zomwezo zinasonyeza kuti pa ndalama zonse zolimbana ndi nkhani zabodza, magawo 87 pa 100 ankathera ku America, dziko lonse lotsala n'kugawana 13. Munthu akhoza kukuopsezani kuti akuphani m'chilankhulo chanu, inu n'kudina batani lodandaula, yankho n'kubwera kuti zolembazo sizikuphwanya malamulo awo. Wawerenga ndani? Wamva chiyani?

Musandimve molakwa, A Mkonzi. Sindikupempha boma lililonse kuti litenge loko. Amenewo ndiye oopsa kuposa, chifukwa ali ndi apolisi ndi ndende. Ku Uganda mu 2018 anaika msonkho wa mashilingi 200 patsiku kwa ogwiritsa ntchito masamba a mchezo, Pulezidenti Yoweri Museveni akudandaula za miseche, ndipo pa chisankho cha January 2021 anazimitsa intaneti dziko lonse. Ku Nigeria anatseka Twitter kwa miyezi isanu ndi iwiri kuyambira June 2021, kampaniyo itachotsa uthenga wa Pulezidenti Muhammadu Buhari. Malamulo ambiri otchedwa olimbana ndi nkhani zabodza mukawayang'anitsitsa, amene amamangidwa nawo ndi mtolankhani, wojambula zoseketsa, kapena mnyamata wolemba kuti nduna yaba. Bodza la nduna yomweyo silimangitsa munthu. Masamba omwewa ndi amene athandiza anthu osauka kuonetsa nkhanza za apolisi ndi katangale amene wailesi za boma sizikanaulutsa, ndipo zimenezo ndimaziteteza ndi mtima wonse. N'chifukwa chake zimandinyansa kuona ufulu umene anthu anaufera ukusanduka chikopa cha mabiliyoneya ndi cha anthu otukwana obisala kumbuyo kwa mayina abodza.

Nanunso atolankhani simuli oyera pa nkhaniyi, ndinene poti ndayamba kale. Masiku ano nkhani zambiri zimayamba ndi mawu akuti "malinga ndi zomwe zikuyenda pa masamba a mchezo". Zikuyenda, inde, koma mwafufuza? Mwamuimbira mwini nkhani? Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mumatola chithunzi cha uthenga wa munthu wosadziwika, n'kuchiveka mutu waukulu, mawa lake bodza lija labwerera pa Facebook litavala jekete, anthu akuti ngakhale nyuzipepala yalemba. Mukalakwitsa, kupepesa kwake kumakhala mizere itatu pansi pa zotsatsa malonda. Pa masamba anu enieniwo ndemanga zotukwana amayi ndi zonyoza mitundu zimakhala masiku osachotsedwa, chifukwa nanunso mwazindikira kuti ndewu imabweretsa anthu. Nanga mukusiyana pati ndi a Zuckerberg? Mwina n'chifukwa chake munawapatsa tsamba lathunthu.

Zochita zilipo ndipo si zachilendo. Mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo la Digital Services Act, lokakamiza makampani akuluakuluwa kufotokoza mmene algorithm yawo imasankhira, kuuza munthu chifukwa chimene achotsera zolemba zake ndi kumupatsa mwayi wochita apilo, ndipo wophwanya akhoza kulipitsidwa mpaka magawo 6 pa 100 a ndalama zimene amapeza pachaka dziko lonse. Mayiko ang'onoang'ono paokha samvedwa, choncho agwirizane afunse zomwezo, aonjezepo kuti kampani iliyonse yodya ndalama m'dziko ilembe ntchito anthu odziwa zilankhulo za m'dzikomo, ndi kuwalipira bwino. Wonamiziridwa akhale ndi njira yachangu yopitira ku khoti, woweruza akhale jaji, osati nduna. Ana aphunzitsidwe kusukulu kufunsa kuti walemba ndani, liti, asanagawe.

Inu A Mkonzi yambani ndi zapafupi. Ikani munthu woti aziyang'anira ndemanga pa masamba anu, lekani kusindikiza mphekesera musanaimbire mwini nkhani, ndipo mlembi wanu uja mumupemphe awerenge ndime 19 mpaka kumapeto, ndi ndime 20 yomwe, asanatilemberenso. Kalata yangayi musaidule.

Wowerenga wanu wokhumudwa