Chenjerani pogula ma Prado ndi ma Pajero okwezedwa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga amene akuthamangira ma Prado, ma Pajero ndi ma Hilux Surf akale oti mwini wake woyamba anawakweza, kuwaveka matayala akuluakulu, chitsulo chakutsogolo chija, winchi (makina a chingwe chokokera galimoto ikatitimira) ndi snorkel (paipi yoloza m'mwamba yopumira injini). Pachithunzi zimakongola zedi, koma galimoto yotere nthawi zambiri inakhetsa thukuta kuthengo, ndipo munthu woika snorkel mwina ankaoloka nayo mitsinje. Musanatulutse ndalama tengani makaniko wanuwanu, osati wa wogulitsayo, alowe kunsi atsegule oilo wa difu (bokosi la magiya lopereka mphamvu ku matayala), akatuluka woyererako ngati mkaka dziwani kuti munalowa madzi. Aonenso chasisi ngati sinawotcheredwe kapena kupakidwa penti wakuda pofuna kubisa dzimbiri.

Matayala akulu aja amamwetsa mafuta, mabuleki amavutika kuimitsa galimoto komanso sipidomita imanama, inu mukuona 80 chonsecho mukuthamanga kuposa pamenepo ndiye apolisi pa M1 zimenezo sakamva ayi. Kukwezako kumadyanso ma CV joint ndi ma ball joint (mfundo zachitsulo zolumikiza matayala ku galimoto) msanga, ndipo mashoko achilendo amene amaikidwa pokweza akatha mutha kuzungulira Limbe yonse osawapeza mpaka kuitanitsa ku Joni pamtengo wolilitsa.

Prado ya injini ya 1KZ ikangotentha kwambiri hedi (chivundikiro cha pamwamba pa injini) imang'aluka, choncho yang'anani bwino radiyeta, makamaka ngati zitsulo ndi magetsi owonjezera kutsogolo zikutchinga mphepo. A inshuwalansi nawonso muwauze zonse zimene zinasinthidwa chifukwa tsiku la ngozi atha kukana kulipira.

Wowerenga wanu,
Mzuzu