Lipoti la msonkhano wa kalondolondo wa matenda a nyengo yozizira

A Tcheya ndi alangizi anzanga, ndabwerako ku Lilongwe kumene munandituma. Ndiyambe ndi alawansi, poti ndamva kuti ena akung'ung'udza. Anatipatsa ya masiku awiri okha, ndipo minibasi yobwerera ndinalipira za m'thumba mwanga. Malisiti ali ndi msungichuma.

Tsiku loyamba linathera malonje ndi zolankhula za akuluakulu. Masana tinati tiphunzire kudzaza fomu pa kompyuta, intaneti n'kuthawa.

Chimene ndinapitira ndinachipeza tsiku lachiwiri. Dokotala wa ana anationetsa kanema wa khanda la miyezi itatu, nthiti zikulowa mkati, m'chifuwa mukulira ngati kamluzu. Anati tiwerenge kapumidwe kake. Ine ndinapeza 64 pa mphindi imodzi, chikhalirecho mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50 ndiye kuti akupuma mothamanga. Matendawa ndi bronchiolitis. Tinjira tating'ono ta mpweya m'mapapo timatupa n'kudzaza mamina, ndipo kawirikawiri amayamba ndi kachilombo ka RSV. Amoxicillin sakapha kachilomboka. Mwana amafunika kuyamwa pafupipafupi, kumuchotsa mamina, ndipo akabanika, okosijeni kuchipatala. RSV imapha ana osakwana zaka 5 pafupifupi 100,000 pachaka padziko lonse, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka. Mtima unandipweteka nditakumbukira makanda a mu June chaka chatha aja, amene tonse tinangowalemba kuti "chifuwa" mu kaundula.

Chimfine nachonso chili ndi muyeso wake: thupi kutentha kufika madigiri 38, kutsokomola, ndipo zikhale kuti zayamba m'masiku 10 apitawa. Mamina amene amatengedwa ndi kathonje m'zipatala zosankhidwa m'mayiko osiyanasiyana ndi amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaonera posankha katemera wa chimfine, mu February wa mayiko a kumpoto, mu September wa mayiko a kumwera. Ntchito ya kalondolondo wa chimfine padziko lonseyi inayamba mu 1952.

Kumsonkhanoko anagwirizana kuti lipoti lizipita Lolemba lililonse, ngakhale sabata imene sitinaone wodwala. Pamenepo sindikutsutsa, chifukwa kukhala chete sikusonyeza ngati kulibe matenda kapena mlangizi sanapite kumudzi. Koma mayunitsi agula ndani? Kudera kwanga netiweki ndimakaipeza pachulu kuseri kwa sukulu. Ndinafunsanso chifukwa chake manambala athu amangopita osabwerera, moti sitidziwa ngati chimfine chabuka kudera loyandikana nalo. Anandiyankha kuti aona.

Ndipo tiwerenga bwanji kapumidwe popanda taima, kawotchi kowerengera mphindi kaja? Yanga inabwerekedwa mu April, mwini kubwereka akudzidziwa yekha. Nkhani ya njinga ziwiri zofa zija nayonso sinathe, A Tcheya, ngakhale inachotsedwa pa ajenda ine kulibe.

Lachinayi aliyense abwere ndi kaundula wake wa May mpaka August chaka chatha. Tikawerenge makanda angati analembedwa "chifuwa", ndipo ndi angati amene tinawawerenga kapumidwe.