Podcast siyidikira situdiyo, yambani ndi foni yomwe muli nayoyo

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzi yanuyi ndilankhuleko ndi achinyamata athu kuno ku Harare, makamaka ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete ndipo tili mbwee ku Mabvuku, Tafara, Mbare, Dzivarasekwa, Mufakose mpaka ku Epworth uko. Masiku ano aliyense akuti akuyamba podcast, ija pulogalamu ngati ya pa wailesi koma yoika pa intaneti kuti munthu amvere nthawi yomwe wafuna. Koma ukafunsa kuti nanga gawo loyamba lili kuti timveko, yankho ndi lomwelo lomwelo, ati tikudikira makamera, ati tikusaka situdiyo ya bho mtauni, ati pali bwana wina analonjeza kuti atigulira zida. Chaka chimatha basi, dzina ndi logo zilipo kale koma mawu olo amodzi omwe sanajambulidwe.

Vuto ndikuliona ine ndi loti tikuonera kwambiri ma podcast a ku Joni ndi ku America pa YouTube, aja a masofa ndi ma maiki akuluakulu ndi magetsi amitundumitundu kumbuyo, nde tikuyesa kuti podcast ndi imeneyo. Tangoganizirani kaye za munthu amene adzakumvereniyo. Ali pa mzere wa kombi pa Fourth Street kapena Copacabana, kapena akugulitsa matimati ku Mbare Musika, ka earphone kamodzi kukhutu, data ake ndi ka bandulo ka WhatsApp basi. Vidiyo ya ola lathunthu sangayitsegule ameneyo ngakhale atakukondani bwanji, imadya ma MB mazanamazana. Pomwe mawu okha a mphindi 30, mukawasunga ngati MP3 ya mono pa 64 kbps, ndi pafupifupi 15 MB. Kamera idzabwera pambuyo ngati idzafunike nkomwe.

Choyamba kukonza ndi nkhani, zida pambuyo. "Tizidzangocheza za moyo" si nkhani imeneyo aise, magawo awiri atatu mudzapezeka mwauma pakamwa mukungosekana. Sankhani kanthu kakang'ono komwe mungathe kukafotokoza mmawu ochepa wina akakufunsani pa renki, ndipo lembani mitu khumi papepala musanajambule chilichonse, mitu khumiyo ikakanika kukwana dziwani kuti nkhaniyo siyipita patali. Chondidabwitsa nchoti ife nkhani tili nazo zambiri zomwe palibe akuzikamba. Za mapepala mwachitsanzo: lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 anthu athu ambiri obadwira konkuno anapezeka opanda dziko, zitupa zawo zolembedwa kuti alien, kenako malamulo oyendetsera dziko a 2013 mu gawo 43 ananena kuti wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC ndipo iye amakhala konkuno, ndi nzika yobadwa. Mpaka lero alipo agogo ndi ana awo omwe sakudziwa poyambira. Mutapeza loya kapena munthu amene anadutsamo nkufotokoza mChichewa, mukuganiza kuti fayilo imeneyo singazungulire magulu onse a mpingo ndi a beria, aja othandizana pa maliro? Palinso za ulendo wa basi kudzera pa Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, zomwe umafunika kunyamula, za kutumiza maliro kumudzi, za chinkhoswe pamene mwamuna ndi Mchewa mkazi ndi Mshona ndipo ankhoswe sakumvana pa za lobola.

Koma yomwe ndimaifuna kwambiri ine ndi ya achikulire athu. Amene anabwera nthawi ya Federation, 1953 mpaka 1963, ena kale kuposa pamenepo, kudzagwira ntchito mmafamu a fodya, mmigodi ngati ku Shamva ndi Arcturus, ena kwa kanselo, ena kuphikira azungu mmayadi, atsala owerengeka ndipo mwezi uliwonse tikuika mmodzi. Pitani kwa iwowo ndi foni yanuyo. Osangofika nkuwaloza foni kukamwa ayi, mupite kaye tsiku lina ndi ka shuga, mufotokoze kuti mawu awo akamveka ndi anthu ambiri mpaka kumudzi, avomere, ndipo kuvomerako mudzakujambulenso. Tsiku lojambula pemphani azimitse wailesi, ana apite akasewere kutali, nkhuku zithamangitsidwe, mukhale pansi nawo pamphasa foni muyiike pa pilo pakati panu osati patebulo loti aliyense akagunda kapu zikumveka. Mphindi khumi zoyambirira azilankhula mouma ngati ali pabwalo la milandu, musadandaule, zimenezo mudzadula. Ndipo funso loti "agogo tatiuzeni mbiri yanu" silitulutsa kanthu, akuyankhani kuti aa mwanawe tinavutika basi. Funsani tating'onoting'ono: munanyamuka ndi ndani, munavala chani, mtsinje munaoloka bwanji, usiku woyamba mu Salisbury (Harare wa lero) munagona kwa yani, malipiro oyamba munagula chani. Pamenepo mpomwe nkhani imatseguka, mumva mayina a makomponi, a kapitao, nyimbo zomwe ankaimba kumunda. Akakhala chete musafulumire kuponya funso lina, dikirani, nthawi zambiri chomwe chikubwera pambuyo pa chetecheyo ndiye chenichenicho.

Chinthu china chomwe chimatipweteka ife ndi ulemu wathu womwe. Tinaleredwa kuti wamkulu akamayankhula uzivomera, eee, inde agogo, zoona, ooo, nde mukamamvera pambuyo pake mupeza kuti ma eee anuwo akwera pamwamba pa mawu onse a agogo ndipo sangachotsedwe. Auzeni poyamba kuti ine ndizingogwedeza mutu chifukwa cha makinawa musati ndachita mwano, amamvetsa bwinobwino. Ndipo za gule samalani nazo. Inde Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ndipo ku Mabvuku ndi Tafara amavinidwa ndithu, koma si zonse zokamba pa maiki, funsani eni ake akuuzeni polekezera, za kudambwe zisiyeni kudambwe komweko.

Tsopano za mamvekedwe, pakuti apa mpomwe ambiri amathawitsira anthu. Munthu atha kupirira nkhani yozizira pang'ono koma phokoso ndi kuwawa kwa mkhutu sapirira, amangodina stop. Mdani wamkulu ndi chipinda, foni ilibe mlandu. Nyumba zathu zambiri ndi za simenti pansi, makoma opanda kanthu, malata kapena asibesitasi pamwamba, mawu amangobwerera. Lowani kuchipinda chogona komwe kuli matilesi ndi makatani, tsegulani wadilopu zovala zionekere, pachikani bulangeti pazenera ndi kuseri kwa chitseko, muona kusiyana kwake pompo. Amene ali ndi mbale wa galimoto, mkati mwa galimoto yoima mawindo otseka mumamveka bwino kwambiri, bola osati masana a Okutobala. Filiji zimitsani. Ena amadandaula za kuzimazima kwa magetsi koma foni ikakhala yochaja kale, nthawi imeneyo ndiye yabata, mawailesi a maneba onse ali zii, mungofulumira majenereta asanayambe kulira. Nyengo ya mvula yang'anani kumwamba kaye musanaitane mlendo, mvula pa malata palibe pulogalamu ingaichotse.

Foni iikeni pa flight mode, apo bii wina akuimbirani pakati pa nkhani yokoma. Italikire kukamwa ngati chikhatho chimodzi, ndipo ikhale chammbali pang'ono kuti mpweya wa ma p ndi ma ph usamaombe, Chichewa chathuchi chili nawo ambiri, ka sokosi koyera kuvekera kumaiki kamathandizanso. Jambulani masekondi 30, mverani ndi ma earphone, kenako muyambe. Mukakhala awiri aliyense akhale ndi foni yake, muombe mmanja kamodzi poyamba kuti pokonza mudzaone polumikizira mafayilo awiriwo. Mlendo akakhala ku Lilongwe kapena ku Cape Town muimbireni pa foni ina koma iyeyo azijambulanso mawu ake komweko ndi rekoda ya mufoni, akamaliza atumize ngati document, osati voice note chifukwa imeneyo imafinya mawu. Ndalama zikadzapezeka yambani ndi ka maiki kopanira pa kolala, kenako maiki ya dynamic ya USB. Ma maiki a condenser aja ooneka apamwamba otchipa mmashopu amtauni asiyeni, amatola chilichonse mpaka galu wa nyumba yachitatu.

Pokonza mawuwo pali pulogalamu ya Audacity, ndi yaulere, imagwira olo pa laputopu yakalekale. Siyani masekondi asanu a chete poyamba kujambula kuti pulogalamuyo idzadziwe phokoso la mchipindamo nkulichepetsa, koma osaonjeza, mawu amayamba kumveka achitsulo. Ntchito yaikulu ndi kudula basi. Malonje a mphindi zisanu, mwadzuka bwanji kunyumba kuli bwanji nanga ana, ndi abwino pakhomo koma womvera sakuwadziwa anawo, siyani moni mmodzi mulowe mu nkhani. Mphindi 20 zothina zimaposa ola lamadzimadzi. Ndipo mafayilo oyambirira aja sungani malo awiri, mafoni amabedwa mu kombi tonse tikudziwa, mawu a agogo amene anamwalira simungakawajambulenso.

Ena amaopa kuti Chichewa chawo ndi chosakanikirana ndi Chishona, a kumudzi akatiseka. Asekeni nawo basi. Umo ndi mmene timayankhulira kuno ndipo ndi mbali ya nkhani yathu, kungoti mukaponya liwu loti wa ku Dedza sangalimve mumuthandizeko. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka mmalamulo a dziko lino, pa National FM chimamvekanso, nde palibe chochitira manyazi kapena kuthawira ku chizungu chothyokathyoka kuti muoneke ophunzira.

Koika podcast yanu sikovuta. Spotify inafika kuno ndi ku Malawi mu 2021, ndipo ili ndi malo aulere otchedwa Spotify for Creators, omwe kale anali Anchor, imene Spotify inaigula mu 2019. Mukaika pamenepo mumapatsidwa ka linki kotchedwa RSS komwe mumakapereka ku Apple Podcasts ndi kwina kuti magawo anu azionekanso kumeneko, chithunzi chake chikhale cha mbali zofanana kuyambira 1400 mpaka 3000 pixels, zilembo zikuluzikulu zowerengeka pa foni. Google Podcasts musavutike kuyisaka inatsekedwa mu 2024, mmalo mwake ikani pa YouTube ndi chithunzi choima. Koma kunena zoona anthu athu ambiri akakumverani pa WhatsApp. Tsegulani channel kapena gulu, muziponya fayiloyo pamenepo, ka mphindi imodzi kokoma kwambiri muike pa status. Kuipa kwake nkoti simudziwa kuti amvera ndi angati ndipo fayilo ikamayenda dzina limasochera, nde tchulani dzina la podcast ndi kokupezani poyamba komanso pomaliza ndi pakamwa panu.

Nyimbo za eni ake musaike, olo ka sungura kakukomereni bwanji, zili ndi eni ndipo kuno kuli ZIMURA ku Malawi kuli COSOMA oyang'anira zimenezo, komanso Spotify ndi YouTube atha kuchotsa gawo lonselo. Pemphani mnzanu wa gitala kapena a kwaya ya kumpingo akuimbireni masekondi khumi anuanu. Miseche nayo ndi choncho, ndikudziwa kuti ndi imene imakoka anthu msanga koma kutchula munthu dzina kuti ndi mfiti kapena anadya ndalama za beria popanda umboni ndi mlandu, ndipo kuyambira 2021 kuli lamulo la Cyber and Data Protection Act lokhudza zomwe timafalitsa pa intaneti. Dera lathu ndi laling'ono, amene mwamunenayo mukakumana naye pa maliro Loweruka.

Musatulutse gawo loyamba musanajambule atatu, kuti sabata yomwe mwadwala kapena data yatha anthu asaone ngati mwasiya. Ngati sabata iliyonse simungathe nenani kuti kawiri pamwezi, ndipo tsikulo lizidziwika. Za ndalama musayembekezere msanga, ma dola a malonda aja mumamva akunja kuno safika mophweka, chomwe chingatheke ndi munthu wotumiza katundu ku Blantyre kapena mayi wa saluni kukupatsani kangachepe pa EcoCash kuti mumutchule, ndipo zimenezo zimabwera akaona kuti simujomba. Pofuna kuwongolera, mverani gawo lanu lomwe pakatha masiku, muli mu kombi phokoso lili pwirikiti monga amamverera anzanuwo, ndipo pezani munthu mmodzi wosakunyengererani, achemwali anu aakulu amatha bwino zimenezi, mumufunse kuti anasiyira pa mphindi iti ndipo chifukwa chani. Funso loti zinali bwanji musafunse, aliyense akuuzani kuti zinali bho.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi loti mutipatseko kakona kakang'ono kamodzi pamwezi kolembapo ma podcast a Chichewa omwe atuluka, a ku Malawi, a ku Zambia ndi athu a kuno, dzina lake, nkhani yake ndi kowapeza, chifukwa pakadali pano timangomva mwangozi wina akaponya mu gulu.

Wowerenga wanu,
Mwana wa Machona,
Mabvuku, Harare